Mawu oti "mphamvu" tawasenzetsa katundu wambiri

Pa Malosa, m'mbali mwa msewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, nkhani ya magetsi ikayambika mawu amene amamveka ndi amodzi okha: mphamvu. Batire ili lili ndi mphamvu, ketulo ikudya mphamvu, waya uyu sangapirire mphamvu. Womvera amavomera, koma wauzidwa zinthu zosiyana pa dzina limodzi. Mwana wa ku Malosa Secondary School amazisiyanitsa bwino m'Chingerezi pa phunziro la Physics, koma akafika kwawo n'kufunsidwa ndi bambo ake, nayenso amathawira ku "mphamvu" komweko.

Zinthuzi n'zinayi. Pali chimene chimakankha magetsi, ndipo muyeso wake ndi mavoloti. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba zathu pa mavoloti 230. Ndapota nanu, tisamalembe "mavoti", amenewo ndi a pachisankho. Pali kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa m'waya, komwe timayesa m'maampu. Pali kukaniza kwa waya kapena chipangizo, m'maomu. Chachinayi ndi mawati, liwiro limene chipangizo chikugwirira ntchito. Mawu oti mphamvu tikanawasiyira mawatiwa basi.

Wina anganene kuti uku n'kuvutitsa chinenero pachabe. Ayi, masamu ake ndiwo amakana chisokonezocho. Tengani ketulo imene ikukoka maampu 10 pa mavoloti 230. Chulukitsani ziwirizo, mupeza mawati 2,300. Gawani mavoloti 230 ndi maampu 10, mupeza maomu 23, ndiko kukaniza kwa ketuloyo. Lamulo logawali analifalitsa ndi Georg Ohm wa ku Germany mu 1827. Tsopano yesani kunena masamu omwewa m'Chichewa chathu cha pamsika: mphamvu kuchulukitsa ndi mphamvu itipatsa mphamvu. Ndani angawerengere kanthu pamenepo?

Kwa eni masola nkhaniyi imafika m'thumba. Chipangizo cha mawati 60 chimakoka maampu 5 pa batire la mavoloti 12, pomwe cha mawati 60 omwewo pa magetsi a ESCOM chimangopitirira pang'ono kota ya ampu imodzi. Munthu wongomva kuti batire lili ndi "mphamvu yochepa" amagula waya wowonda. Waya wowonda amakaniza kwambiri, amatentha, ndipo babu la kuchipinda chakutali limangoti psuu.

Mayunitsi amene timagula ndi nkhani inanso. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 ogwira ntchito kwa ola lathunthu, choncho ketulo ija ikayaka ola limodzi yadya mayunitsi 2.3.

Sindikupempha kuti tipeke mayina atsopano. Volta, Ampère, Ohm ndi Watt anali anthu, ndipo dziko lonse linangobwereka mayina awo. Ifenso tibwereke, koma tiwaveke Chichewa monga tinachitira ndi sukulu ndi batire, "ma" wake akhale wolumikiza. Ku Domasi kuno kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza silabasi ndi mabuku a sukulu, ndipo ku Zomba kuli Centre for Language Studies, amene anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Atagwirizana kalembedwe kamodzi ka mayina anayiwa, mmisiri wa magetsi, mphunzitsi ndi wogulitsa masola angamalembe zofanana.