Madzi, mowa kapena mafuta: mbiri ya zosungunulira mankhwala a m'masamba

Mayi wa pa Goliati akamakazinga matimati, mafuta amafiira. Chofiiritsacho ndi lycopene, mmodzi mwa ma antioxidant, tinthu toteteza maselo a thupi kuti asaonongeke msanga. Lycopene amasungunuka m'mafuta, m'madzi ayi. Chomwe mwaviikamo chomera ndicho chimasankha chotulukamo.

Asing'anga akale ankazidziwa izi ngakhale sankazilemba: muzu wina wowiritsa, khungwa lina lonyika m'madzi ozizira usiku wonse, ufa wina wosakaniza ndi mafuta a nsatsi. Ku Ulaya ankadalira mowa waukali, ndipo mu 1820 Pelletier ndi Caventou anatulutsa kwinini m'khungwa la cinchona. Mu 1929 mayi wa ku Japan, Michiyo Tsujimura, anapatula catechin, antioxidant winanso, mu tiyi wobiriwira.

Koma nyengo yomwe imandikoka mtima ndi ya tiyi wakuda, wonga wathu uyu, yemwe Henry Brown anabzala ku Mulanje mu 1891, nadzafikanso pa Satemwa ku Thyolo. Tsamba likaphwanyidwa m'fakitale, catechin amakumana ndi mpweya n'kusanduka zinthu zina. Zinthu zanji? Madzi otentha amazitulutsa zonse pamodzi, osadziwika kuti ichi n'chiti. M'zaka za m'ma 1950, E.A.H. Roberts, yemwe anagwirapo ntchito ku Tocklai m'dera la Assam, anakhutchumula tiyi wofulula pamodzi ndi ethyl acetate, amene sasakanikirana ndi madzi koma amayandama pamwamba ngati mafuta. Botolo litakhazikika, zinthu zamtundu wa lalanje zinali zitakwera pamwamba, zoderapo zambiri zitatsala pansi. Zapamwambazo anazitcha theaflavin, zinazo thearubigin. Tsamba lomwelo, kapu yomweyo. Chinasintha n'chosungunulira basi.

Apa ndi pamene Malawi akulowa, ndipo ine ndimaona kuti timamanidwa ulemu. Mu 1972 P.J. Hilton ndi R.T. Ellis, a Tea Research Foundation of Central Africa ku Mulanje, anaonetsa kuti kuchuluka kwa theaflavin kumayendera limodzi ndi mtengo wa tiyi wa kuno pamsika. Zomwe wolawa tiyi ankamva pa lilime zinayamba kuyezeka ndi manambala. Roberts anatsegula khomo, inde, koma amene anafikitsa nkhaniyi m'thumba mwa mlimi ndi a ku Mulanje.

Kuyambira 2005, muyezo wa ISO umati poyeza ma polyphenol a mu tiyi, monga catechin ndi theaflavin, asakanize magawo 70 a methanol ndi 30 a madzi, n'kutenthetsa kufika madigiri 70. Madzi amafufumitsa tsamba, methanol n'kukoka zomwe madzi okha akanasiya. Chonde, methanol ndi wa mu labotale mokha: ndi poizoni, amachititsa khungu ndiponso amapha.

Chimandiwawa n'choti tiyi wogulitsa kunja tamuyeza mokwanira, pomwe amayi amawiritsa chidede ndi chamwamba mongoyerekeza. Yunivesite ya MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014 pa Ndata, ili pafupi ndi Goliati. Ophunzira athu, katengeni masambawa pamsika wa Goliati, muwayeze m'madzi otentha, m'madzi a mandimu ndi m'mafuta ophikira, kenako mudzatiuze m'Chichewa kuti tiziwakonza bwanji.