Ndege ya Asilikari Imene Inagwa ku Libreville

Lero sindikamba za cimanga kapena za manyowa ai, koma za tsoka limene linagwera anansi athu a ku Zambia m'caka ca 1993. Mumvetsere bwino, pakuti m'nkhaniyi muli phunziro la ife tonse amene tigwira makina.

Pa 27 April caka cimeneco, anyamata a timu ya mpira ya dziko la Zambia ananyamuka ku Lusaka kunka ku Dakar kukasewera ndi Senegal, polimbirana malo a ku World Cup. Anakwera ndege ya asilikari a Zambia Air Force, ya mtundu wa Buffalo, yopangidwa ku Canada kuti izinyamula asilikari ndi katundu wao. Popeza ndege yotere siitha ulendo wautali cotero osamwa mafuta panjira, anapangana kuti atere ku Brazzaville, ku Libreville ndi ku Abidjan.

Ali ku Brazzaville kunaoneka kuti injini ina iri ndi bvuto, koma ulendo unapitirirabe. Usiku, atangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon, injini ya kumanzere inagwira moto. Mudziwe kuti ndegeyi iri ndi mainjini awiri, ndipo imodzi ikayaka, woyendetsa ayenera kuzimitsa yomweyo kuti inzace imbwezere pabwalo. Koma iye anazimitsa ya kumanja, imene inali yabwino. Pamenepo ndege inatha mphamvu nigwera m'nyanja yamcere, mtunda wa mamita ngati 500 kucokera pagombe.

Anthu onse 30 anafera pomwepo, ndipo 18 mwa iwo anali osewera mpira. Anapita Efford Chabala wa pagolo, Wisdom Chansa, Kelvin Mutale, pamodzi ndi aphunzitsi ao Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Kalusha Bwalya anapulumuka cifukwa anali ku Holland kumene anali kusewerera PSV, ndipo anati akakumana ndi anzace ku Dakar. Manda ao ali ku Heroes' Acre, pafupi ndi Independence Stadium mu Lusaka.

Panapita zaka khumi, ndipo mu 2003 boma la Gabon linaturutsa zimene linapeza. Linati nyali yocenjeza ya m'ndegemo inali yoonongeka, ndiponso woyendetsa anali wotopa, pakuti dzulo lace ndiye anabwera nayo timuyo kucokera ku Mauritius.

A Zambia sanagwe mphwayi. Anasonkhanitsa timu ina imene inafika pa mpira wotsiriza wa Africa Cup mu 1994, ndipo mu 2012 anatenga cikhoco atagonjetsa Ivory Coast mu mzinda womwewo wa Libreville. Koma cikho sicibweza wakufa kwa mkazi wace ndi ana ace.

Tsono inu eni maboti a injini, inu a pacigayo, ndi inu anyamata a njinga zamoto pa mseu wa ku Makanjira, taonani kuti moto uja sunadze mwadzidzidzi. Injini inayamba yacenjeza iri pansi ku Brazzaville. Injini ikatsokomola mukali padoko, musati, “Tikaona konko.” Itanani wokonza, ngakhale usipa ukudutseni tsiku limenelo. Ndipo munthu amene wacezera usiku wonse panyanja musampatse ciongolero mmawa mwace, cifukwa wotopa akadzidzimuka agwira posayenera kugwira.

Tsalani bwino.