Anyamata Olowetsa Nyimbo M'mafoni pa Nyimba

Basi yochokera ku Lusaka ikaima pa Nyimba, amayi ogulitsa nthochi amathamangira m'mawindo, aliyense akuitanira malonda ake. Kuseri kwa phokoso limeneli, m'tizipinda ta m'mbali mwa Great East Road, munakula ntchito ina imene apaulendo ambiri saiona: ya anyamata olowetsa nyimbo ndi mafilimu m'mafoni.

Ludzu la nyimbo kunoku si la lero. Mu 1949 wailesi ya Saucepan Special, imene Harry Franklin analimbikitsa kampani ya Ever Ready kuti ipange, inayamba kugulitsidwa pa mapaundi 5. Inali ya batire, motero inkatha kulira ngakhale m'midzi yopanda magetsi ngati ya kwa Ndake kapena kwa Kalindawalo, ndipo mawu a Alick Nkhata ochokera ku Central African Broadcasting Station ku Lusaka ankamveka pansi pa mitengo ya mango. Koma chomvera ankasankha ndi a ku Lusaka. Kaseti ndi imene inapatsa munthu wamba mphamvu yokopa zimene mtima wake wakonda.

Kenaka inadza foni ya m'manja. Kampani ya mafoni ya Telecel inasanduka MTN mu 2005, Celtel inakhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010, ndipo minara inafalikira m'chigawo cha Kum'mawa. Intaneti inali yodula kwa mlimi wa mtedza. Bluetooth inali yaulere. Luso limeneli, lomwe akatswiri a Ericsson anayamba kulipanga ku Sweden mu 1994, limalumikiza zipangizo ziwiri zotalikirana mamita pafupifupi 10 popanda waya. Anthu awiri ankangoyandikizitsa mafoni, wina n'kunena kuti, "Yatsani Bluetooth, ndikutumizireni." Nyimbo za kwaya, ulaliki, kalindula, zonse zinkayenda choncho kuchoka pa msika kukafika kumudzi.

Apa ndi pamene panali vuto limene aliyense wolowetsa nyimbo m'mafoni amalidziwa. Kuyatsa Bluetooth n'kosakwanira. Chipangizocho chiyenera kuonekera kwa chinzake chimene chikuchifunafuna. Opanga mafoni anachita dala kuti kuonekerako kuzikhala kwa kanthawi. Chifukwa chake chinalipo ndithu: mu 2004 kunatulukira kachilombo ka Cabir, kamene kankalumpha kuchoka pa foni ya Nokia ya Symbian kupita pa ina iliyonse yoonekera pafupi. Mafoni oyambirira a Android ankaonekera kwa mphindi 2 zokha. Pa kompyuta ya Linux, pulogalamu ya BlueZ imabisa chipangizocho pakatha masekondi 180.

Kwa munthu woyenda ndi foni m'thumba, kusamala kumeneku n'kwanzeru. Kwa wamalonda n'chimodzimodzi kutseka chitseko cha golosale mphindi zitatu zilizonse. Zinafika povuta mu 2015, madzi atachepa ku Kariba ndipo kampani ya magetsi ya ZESCO itayamba kugawa magetsi mosinthana. Magetsi akabwera, kompyuta ya wolowetsa nyimbo imayaka, koma kachipangizo ka Bluetooth kobayidwa pa USB kamangokhala chete. Kasitomala amafufuza pa foni yake, osapeza kanthu, n'kupita pa khomo lina.

Pa Linux mankhwala ake ndi mizere yochepa. M'fayilo ya main.conf ya BlueZ munthu amalemba AutoEnable=true kuti kachipangizoko kadzuke kokha kompyuta ikangoyaka, ndi DiscoverableTimeout=0 kuti kasabisalenso. Chotsalira ndi kuika lamulo la bluetoothctl discoverable on pakati pa zimene kompyuta imachita poyaka, chifukwa kudzuka ndi kuonekera n'zosiyana, ndipo ambiri amapunthwa pomwepa. Okonza mafoni a m'mataundi ang'onoang'ono ngati Nyimba ndi Petauke amaphunzira zoterezi poonerera anzawo ndi poyesa okha, ndipo ayenera ulemu woposa umene amalandira.

Masiku ano mafilimu amadutsa pa memori kadi, pa Xender ndi SHAREit, kapena pa WhatsApp, chifukwa Bluetooth imachedwa ndi mafayilo aakulu. Yapeza ntchito ina m'masipika a m'malo omwera mowa, m'mawailesi a minibasi ndi m'matchalitchi, kumene sipika ikangoyatsidwa imayamba yokha kufunafuna foni ya woimbitsa nyimbo.