Mawu a achinyamata pa ndondomeko za umoyo wa maganizo

Kutengapo gawo kwa achinyamata pokonza ndondomeko za umoyo wa maganizo kumatanthauza kuwapatsa mpata wonena zimene zikuwasautsa ndi thandizo limene akufuna, kenako n'kuonetsetsa kuti zonenazo zalowa m'malamulo, m'mapulani a unduna ndi m'bajeti ya boma. Kuwaitanira ku msonkhano kuti adzaimbe, kuvina ndi kulakatula ndakatulo akuluakulu asadayambe kukambirana sikutengapo gawo, ngakhale kuti malipoti ambiri amakuwerengera choncho.

Nkhaniyi imakhudza dziko la Malawi kwambiri kaamba ka msinkhu wa anthu ake. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka la iwo adali osakwana zaka 18. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mmodzi mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo, komanso kuti pafupifupi theka la matendawa limayamba munthu asadapitirire zaka 14. Kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zimene zimatenga miyoyo ya anthu a zaka 15 mpaka 29. Choncho ndondomeko imene yalembedwa popanda kufunsa achinyamata imaphonya anthu amene matendawa amayambira pa iwo.

Ufuluwu udalembedwa kale

Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi adalivomereza mu 1991, limanena m'gawo 12 kuti mwana amene angathe kupanga maganizo akeake ali ndi ufulu wowanena pa nkhani iliyonse yomukhudza, ndipo maganizowo aziganiziridwa molingana ndi msinkhu ndi kukhwima kwake. Pangano la achinyamata a mu Africa, limene lidakhazikitsidwa ku Banjul mu 2006, limabwereza mfundoyi m'gawo 11 kwa anthu a zaka 15 mpaka 35. Palinso pangano la ufulu wa anthu aulumali la 2006, lomwe limalamula maboma kufunsa eni ake, kuphatikizapo ana, pokonza malamulo owakhudza. Kuno kwathu ndondomeko ya achinyamata imawerengera aliyense wa zaka 10 mpaka 35, ndipo bungwe la National Youth Council of Malawi lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kuti likhale mlatho pakati pa iwo ndi boma.

Kwa zaka zoposa 70 chithandizo cha matenda a maganizo chinkayendetsedwa ndi lamulo la atsamunda la Mental Treatment Act la 1948, limene mtima wake udali wotsekera wodwala osati kumumvera. Mu 2025 aphungu adavomereza bilu yatsopano yolowa m'malo mwake. Komabe lamulo limangoyala maziko. Zimene wophunzira wa ku sekondale adzapeze akapita kuchipatala zimadalira malangizo, mapulani a makhonsolo ndi ndalama zimene zidzatsatire, ndipo apa ndi pamene mawu a achinyamata angasinthe zinthu.

Muyeso wa kutengapo gawo kwenikweni

Akatswiri awiri amatchulidwa kawirikawiri pankhaniyi. Roger Hart, m'kabuku kamene UNICEF idasindikiza mu 1992, adayerekeza kutengapo gawo ndi makwerero a masitepe asanu ndi atatu. Atatu apansi, omwe ndi kugwiritsa ntchito ana pa zolinga za akuluakulu, kuwasandutsa chokongoletsera mwambo, ndi kuwaika pampando mwachiphamaso, adati sikutengapo gawo n'komwe. Pamwamba penipeni adaikapo ntchito imene achinyamata ayambitsa okha, n'kumapanga ziganizo limodzi ndi akuluakulu.

Laura Lundy wa ku Queen's University Belfast adafotokoza mu 2007 zinthu zinayi zoyenera kupezeka: malo otetezeka olankhulira, thandizo loti munthu athe kulankhula, womvera amene ali ndi mphamvu yochitapo kanthu, ndi umboni woti zonenedwazo zakhudza chiganizo. Boma la Ireland lidatengera njirayi m'ndondomeko yake ya 2015. Chachinayicho ndicho chimasowa kwambiri. Achinyamata amafunsidwa, amadzaza mapepala a pakhoma ndi maganizo awo, amalandira ya transipoti, koma palibe amene amabwerera kudzawauza kuti mfundo iyi yatengedwa, iyi yakanidwa, ndipo chifukwa chake n'chakuti.

Zitsanzo

Ku Australia, malo othandizira achinyamata a headspace, omwe adayamba mu 2006, ali ndi gulu la achinyamata lolangiza utsogoleri wake pa kayendetsedwe ka ntchito. Ku Zimbabwe, ntchito ya Friendship Bench ya Dr Dixon Chibanda idayamba ndi agogo aakazi opereka uphungu pa benchi panja pa chipatala, ndipo pambuyo pake idatsegula nthambi imene aphungu ake ndi achinyamata anzawo. Kuno ku Malawi, pulogalamu ya pa wailesi ya Nkhawa Njee inkafikitsa nkhani za kuvutika maganizo kwa ophunzira m'chilankhulo chawo kudzera m'makalabu omvera wailesi, pomwe bungwe la MeHUCA limasonkhanitsa anthu amene adadwalapo matendawa ndi owasamalira kuti azidziyankhulira okha.

Zovuta zake

Funso loyamba n'lakuti akuyankhula ndani. Amene amafika ku misonkhano ya m'mahotela a ku Lilongwe ndi Blantyre nthawi zambiri ndi ophunzira a m'makoleji odziwa Chingerezi. Mtsikana amene adasiya sukulu atatenga pathupi ku Nsanje, mnyamata wa kabaza, kapena amene adagonekedwapo ku Zomba Mental Hospital kapena ku Saint John of God ku Mzuzu safikako, chonsecho ndiwo akudziwa pamene thandizo limathera. Chilankhulo nachonso n'chopinga: liwu loti "misala" limaphimba matenda osiyanasiyana ndipo limanyoza, motero ambiri amasankha kukhala chete kusiyana n'kupatsidwa dzinalo.

Chachiwiri ndi chitetezo. Wachinyamata amene wafotokoza pagulu kuti adafunapo kudzipha sangabweze mawu akewo akafalikira pa Facebook kapena WhatsApp. Okonza zokambirana ayenera kupeza chilolezo cha mwini wake, ndi cha makolo kapena omulera ngati sadakwane zaka 18, kumulola kuyankhula osatchulidwa dzina, ndi kukhala ndi mlangizi pafupi. Ana ndi achinyamata ofuna womukhuthulira nkhawa angathe kuimba nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene bungwe la YONECO limayendetsa.