Kodi Nthano Yoopsa Njoyenera Mwana?

M'chaka cha 1812, anyamata aŵiri a mimba imodzi, Jacob ndi Wilhelm Grimm a ku Kassel m'dziko la Germany, adatulutsa buku la nthano 86. Ngakhale dzina la bukulo lidatchula ana, cholinga cha eni ake chidali cha anthu ophunzira: kusunga chiyankhulo ndi miyambo ya mtundu wao zisanaiŵalike. M'bukumo mudalibe zithunzi, koma mau ofotokoza magwero a nthanozo.

Oŵerenga ena adadandaula kuti buku lotere nlosayenera ana, ndipo Wilhelm adayamba kulikonza. Adachotsa mau oonetsa kuti Rapunzel adatenga pathupi asanakwatiwe. Mu 1819, mai womubala Snow White, amene adafuna kupha mwana wake, adamsandutsa mai womupeza. Koma chodabwitsa nchakuti zilango zoopsa sadazichotse. M'nthano ya Cinderella adaonjezamo nkhunda zokolowola maso a atsikana aŵiri ankhanza aja. Mu 1825 adasankha nthano 50 zokha, naikamo zithunzi zojambula mng'ono wao Ludwig Emil, ndipo apo mpamene bukulo lidaloŵadi m'manja mwa ana.

Akatswiri a maphunziro sadagwirizane pa ntchito imeneyi. Heinz Rölleke adaonetsa kuti ambiri mwa osimba nthanozo sadali alimi akumudzi, koma anthu odziŵa kuŵerenga, ena a makolo ochokera ku France. Mu 1976 Bruno Bettelheim adati nthano yoopsa imathandiza mwana kugonjetsa mantha amene ali nao kale mumtima. Jack Zipes, mu 1983, adati okonza nthano amaloŵetsamo makhalidwe amene akulu a nthaŵi yao akufuna kuti ana atsate. Maria Tatar, mu 1987, adafotokoza m'mene Wilhelm ankabisira za chiŵereŵere pamene nkhanza ankazisiya poyera.

Nanga ife makolo titolepo chiyani? Palibe buku la ana limene lidadzilemba lokha. Wamkulu wina adasankha choti mwana amve ndi choti asamve. Agogo athu posimba za Kalulu ndi Fisi ankasankhanso, koma iwo ankaona nkhope ya mdzukulu pa kuwala kwa moto, nadziŵa pofeŵetsa mau ndi polekezera. Buku lilibe maso otere. Nchifukwa chake kumgulira mwana buku sikukwanira. Tiyambe taliŵerenga ife, kenaka tikhale naye pansi, timve mafunso ake.