Ciletso ca Nsomba ndi Thumba la Msodzi

Caka ndi caka, pofika pa 1 Disembala, nsomba ziyamba kucepa m'misika ya mu Lusaka. Mai wa ku Kabwata kapena ku Chelstone apeza kuti mtengo wakwera, ndipo amai ogulitsa pa Soweto akhala ndi matebulo osadzala. Cifukwa cace ndi lamulo la Boma loletsa kupha nsomba kufikira kutha kwa Febuluwale, nyengo imene nsomba ziswana. Wogula adandaula pang'ono nagula ndiwo zina, koma msodzi ndi banja lace akhala miyezi itatu opanda malonda.

Mzinda wa Lusaka unakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo pamene anthu ace anacuruka, njala yao ya nsomba inakulanso. Madzi apafupi anali a m'madambo a Kafue, kumene Abatwa anali kusodza kuyambira kale lomwe. M'zaka za m'ma 1950 kunafika maukonde a nailoni, olimba ndi osaola msanga, ndipo kunafikanso asodzi acilendo ocokera ku Barotseland, ku Luapula ndi ku Nyasaland. Usodzi umene unali wa ndiwo za pa nyumba unasanduka nchito yopezera ndarama. Mizere ya nsomba zouma ndi zaziwisi inayamba kucoka m'madoko onga Chanyanya kupita m'makomboni a mu mzinda.

Kuti lamulo loletsa liri ndi nzeru, mbiri ya kumpoto icitira umboni. Anthu akale a ku migodi akumbukira nsomba yochedwa mpumbu, imene inali kukwera mtsinje wa Luapula kucokera m'nyanja ya Mweru nthawi ya dzinja kukaikira mazira. M'zaka za m'ma 1940 amalonda, makamaka Agiriki a ku Kasenga, anaipha yambirimbiri pa ulendo womwewo, naitumiza kukadyetsa anchito a m'migodi ya Katanga. Zisanathe zaka za m'ma 1950 mpumbu inali itasowa. Anapha mai pamodzi ndi mazira ace, ndipo malonda amenewo anafa nayo.

Dziko la Zambia litalandira ufulu m'caka ca 1964, Boma linakonza malamulo ace a usodzi mu 1974, ndipo linawalembanso mwatsopano mu 2011. Malamulowa anena za laisensi, za kukula kwa maso a ukonde, ndi za nyengo yotseka madzi. Pa Kafue panagwanso cinthu cina: damu la Kafue Gorge ndi la Itezhi-Tezhi, omangidwa m'zaka za m'ma 1970, anasintha kasefukiridwe ka madzi m'madambo mmene nsomba ziberekera. Motero msodzi wa pa Kafue anapanikizika mbali ziwiri, ndi mtsinje wosinthika ndi lamulo lomwe.

Bvuto lalikuru liri pa nyengo imene ciletso cigwa. Disembala, Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi ya njala: nkhokwe zatha, cimanga ca m'munda sicinace, ndipo ana afuna mayunifomu ndi mabuku a sukulu. Msodzi amene ali ndi munda apita kukalima. Amene alibe, ena akongola kwa amalonda nalonjeza kubweza ndi nsomba zotsika mtengo madzi akatseguka. Ena asodza usiku mobisa, ndipo akagwidwa alandidwa maukonde ndi nsomba. Amai a pa msika athawira ku kapenta wa ku Siavonga, pakuti nyanja ya Kariba siitsekedwa miyezi imeneyi. Kapenta ameneyu anatengedwa m'nyanja ya Tanganyika naikidwa m'Kariba mu 1967 ndi 1968. Ena agula nsomba zoweta, zonga za kampani ya Yalelo, zimene ziloledwa kugulitsidwa caka conse. Wogulitsa wa mu mzinda ali nayo pothawira, koma mwini bwato wa pa Kafue sangasenze mtsinje wace kupita nao kwina.

Maiko ena anaona bvuto lomweli napeza njira. Ku Brazil, kuyambira 1991, msodzi wolembedwa m'kaundula alandira malipiro a Boma mwezi ndi mwezi pamene madzi ali otseka. Ku India msodzi asunga ndarama pang'ono m'miyezi ya nchito, Boma lionjezapo zace, ndipo zonse zimbwerera nthawi ya ciletso. Njira yaciwiriyi ifanana ndi cilimba, cimene amai a m'misika ya mu Lusaka acidziwa bwino lomwe. Kuno Boma layesa kwambiri njira yolimbikitsa kuweta nsomba m'maiwe, koma dziwe lifuna malo ndi mpamba, zimene msodzi wa bwato limodzi kawirikawiri alibe.

Mbiri ya mpumbu ionetsa kuti madzi osapumula atha nsomba, ndipo msodzi ndiye ayamba kusauka. Mbiri ya Kafue ionetsanso kuti lamulo likhala lobvuta kusunga kwa munthu amene ana ace agona ndi njala. Tsono iwo amene adya nsomba ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ku Kitwe ndi ku Mufulira, ayenera kudziwa kuti mtengo weniweni wa miyezi itatu ija aulipira ndi anthu a m'misasa ya m'mbali mwa mtsinje. Tsiku limene msodzi adzatha kupacika ukonde wace osaopa njala, iye mwini adzakhala mlonda woyamba wa nsomba zoswana.