Mmene Gandhi Anapezera Mtundu Wake pa Ulendo

Kuyambira chaka cha 1925 kufikira 1929, Mohandas Gandhi analikulemba mbiri ya moyo wake, kachigawo kamodzi mlungu ndi mlungu, m'nyuzi yake yotchedwa Navajivan. Chingakhale anadziwa Chingerezi bwino lomwe, iye anailemba m'Chigujarati, chinenero cha amake. Wowerenga bukulo sachedwa kuona kuti ladzala ndi ngalawa, sitima za pamtunda ndi ngolo za akavalo, pakuti munthuyu anadzizindikira kuti ali Mmwenye pamene anali kutali ndi kwao.

Ulendo woyamba unali wa mu 1888. Asananyamuke ku Bombay kunka ku London kukaphunzira za malamulo, akulu a fuko lake la Modh Bania anamletsa, nati kutsidya kwa nyanja munthu sangathe kusunga chipembedzo cha makolo. Ndipo pamene anakana kuwamvera, anamchotsa m'fukomo. Amake, Putlibai, anamlola atayamba walumbira kuti sadzakhudza nyama, mowa kapena mkazi. Ku London mnyamatayo anayesa kusanduka Mngerezi: anagula zovala za mtengo wapatali, nalipira aphunzitsi a kuvina ndi a Chifalansa. Zimenezi amazisimba modziseka, ndipo kusadzibisa kumeneko ndiko kumakometsa buku lonse. Tsono kumeneko komwe ndiko anayamba kuwerenga Bhagavad Gita, buku lopatulika la Ahindu anzake, koma m'Chingerezi cha Edwin Arnold.

Mu 1893 anamka ku Natal kukathandiza pa mlandu wa wamalonda Dada Abdulla. Ali pa ulendo wa ku Pretoria, anamtulutsa m'sitima pa Pietermaritzburg chifukwa cha khungu lake, ngakhale anali ndi tikiti ya kalasi yoyamba, nachezera usiku wonse akunjenjemera ndi chisanu m'chipinda chodikiriramo. Nkhani ya usikuwo yatchuka kwambiri, koma chachikulu ndi chimene anaona pambuyo pake. Kwao ku India munthu analikudziwika monga Mhindu, Msilamu kapena Mparsi, wolankhula Chigujarati kapena Chitamil. Ku Natal Azungu sanasiyanitse: wamalonda wolemera ndi wolima nzimbe wa pangano anawatcha dzina limodzi lachipongwe. Chitonzo chimodzicho chinawamanga mtolo umodzi, kotero kuti mu 1894 anakhazikitsa Natal Indian Congress.

Pano pali chilema chosayenera kuchibisa. Eni dziko la Natal, ndiwo Azulu, saoneka kwenikweni m'bukumo, kupatula pa nkhondo ya 1906 pamene Gandhi anasamalira ovulala awo. Ndipo m'zolemba zake za zaka zoyambazo muli mau onyoza anthu akuda. Ulendo unamtsegula maso pa za Amwenye, koma sunamtsegule msanga pa za onse.

Pobwerera kwao mu 1915 anali ngati mlendo. Mphunzitsi wake m'za ndale, Gopal Krishna Gokhale, anamlangiza kuti ayende m'dzikomo chaka chathunthu asanalankhule za boma. Iye anasankha kalasi yachitatu, momwe amphawi analikupanikizana ndi akatundu awo, ndipo za litsiro ndi kuzunzika kwa m'menemo anazilemba mosanyengerera boma kapena okwerawo.

Jawaharlal Nehru, wophunzira ku Harrow ndi ku Cambridge, nayenso amasimba kuti anauona umphawi wa dziko lake pamene anatsata alimi a ku Partabgarh kumidzi yawo mu 1920. Koma iye mbiri yake anailembera m'ndende, m'Chingerezi, ndipo inasindikizidwa ku London mu 1936, kutali ndi alimiwo.